Nyumba Zakale za kwa Malemia: Gawo Lachitatu

Amisiri amene adamanga nyumba zakale za Boma kwa Malemia, ku Nsanje, adaadziŵa bwino matenthedwe a m'Chigwa cha Shire. Nchifukwa chake adaziikira khonde lotakasuka ndi timazenera tapamwamba totulutsa mpweya wotentha. Lero ambiri pokonzanso nyumbazi amatseka khonde kuti likhale chipinda, nagula fani. Komatu magetsi ngosadalirika: namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130.

Choncho pokonza tiike siling'i, tipake malata utoto woyera, tibzale mitengo chakumadzulo, koma khonde tilisiye. Potero nyumba idzazizira popanda magetsi, ndipo maonekedwe ake akale adzasungika. Maŵa tidzaona mtengo wa ntchitoyi.