Khadi ikamadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi, banki isamangoti "munalola nokha"

Uthenga wa banki umalowa pafoni usiku, mwini wake ali mtulo: akaunti yadulidwa $39.99. Dzina la wolandira ndalamayo ndi zilembo zosamveka, mwina ndi nambala ya foni ya kunja pambali pake. Pamtengo wa banki wa K1 750 pa dola, apo papita pafupifupi K70 000. Kwa wogulitsa nsapato za kaunjika mu Limbe kapena zitenje ku Tsoka, limenelo ndi phindu la masiku angapo. Mwezi wotsatira, tsiku lomwelo, uthenga womwewo umabweranso.

Kawirikawiri zimayamba ndi kandalama kochepa. Pa Facebook kapena TikTok pamatuluka chilengezo choti foni yatsopano ikupita pa $1, wopambana angolipira yotumizira. Pena ndi pulogalamu yokongoletsera zithunzi za katundu yomwe ikuti masiku atatu oyamba ndi aulere. Pena ndi uthenga wonamizira kampani yonyamula katundu, woti phukusi laima panjira mpaka mwini wake alipire $2. Munthu amalemba nambala 16 za khadi, tsiku lomwe khadiyo idzathe ntchito, ndi nambala zitatu za kumbuyo. Banki imatumiza OTP ya kandalama kaja, iye amailowetsa. Pansi pa tsambalo, m'tizilembo ta Chingerezi tofunika mandala, pamakhala palembedwa kuti walowa umembala wolipira mwezi uliwonse. Masamba ena salemba n'komwe.

Chimene chimazunguza ambiri n'choti OTP siibweranso. Pa malipiro obwerezabwereza, mwini khadi amatsimikiza ulendo woyamba wokha. Kenako wogulitsa amasunga khadiyo n'kumadzitengera yekha ndalama tsiku likakwana, banki osafunsanso. Netflix ndi makampani ena olongosoka amalipiritsa mwa njira yomweyi, ndipo njirayo payokha ilibe vuto. Akathyali amangolowera pakhomo lomwelo.

Amalonda ang'onoang'ono ali pachiopsezo chifukwa ambiri adatenga khadi ya Visa kapena Mastercard kaamba ka geni: kuoda katundu pa AliExpress ndi Alibaba, kapena kulipira Facebook kuti malonda awo aonekere kwa anthu ambiri. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, dola iliyonse yotayika imapweteka kuposa kale. Komanso ndalama zakunja zikusowa, ndipo mabanki amaika malire pa zomwe khadi ingalipire kunja pamwezi. Wakuba akadya gawo limenelo, wamalonda amadzaona khadi ikukana pa tsiku lomwe akufuna kulipira katundu weniweni.

Wodandaula akafika pa kauntala, yankho lomwe limatuluka msanga ndi lakuti, "Bambo, nambala ya khadi munapereka nokha, OTP munalowetsa nokha." Ambiri amabwerera pomwepo, manyazi ali tho, n'kungotulutsa ndalama zonse mu akaunti. Yankho limeneli ndi losakwanira. Wolawa usipa umodzi pamsika sanagule chidebe chonse, ndipo wovomera $1 sanavomere $39.99 mwezi ndi mwezi. Malamulo a makampani a makhadi eni ake amanena zomwezo. Kuyambira April 2020, Visa imafuna kuti wogulitsa amene akupereka masiku aulere kapena mtengo woyambira wotsika apeze chilolezo chomveka cha mwini khadi, amutumizire uthenga wofotokoza mtengo weniweni, amukumbutse asanayambe kudula ndalama zonse, komanso apereke njira yosavuta yosiyira pa intaneti pomwepo. Wogulitsa amene sanachite izi waphwanya malamulo, ndipo banki ili ndi poyambira kutsata ndalama ya kasitomala wake.

Ndipo amene amagwa m'mbuna yotereyi si anthu osadziwa Chingerezi okha. Ku America, bungwe loona za malonda la FTC lidasumira Amazon mu 2023 pa nkhani yolowetsa anthu mu umembala wa Prime asanamvetse bwino ndi kuwavutitsa akafuna kutuluka. Mu September 2025 kampaniyo idavomera kulipira $2.5 biliyoni kuti mlanduwo uthe, ngakhale siidavomere kulakwa. Ngati anthu a kumeneko, owerenga m'chilankhulo chawo, adakodwa pa tsamba la kampani yodziwika, mayi wa pamsika wa Mzuzu asauzidwe kuti adapusa yekha.

Njira yobwezera ndalama ilipo, mabanki amaitcha chargeback. Banki ya mwini khadi imatumiza dandaulo kudzera ku Visa kapena Mastercard kupita ku banki ya wogulitsa, wogulitsayo n'kupatsidwa mpata woyankha. Akalephera kuonetsa umboni woti kasitomala adalola, ndalama imabwerera. Nkhani zambiri zotere zili ndi malire a masiku 120, ndipo ndalama iliyonse yodulidwa imawerengedwa payokha. Wozindukira patapita miyezi isanu ndi umodzi akhoza kupulumutsa za miyezi yomaliza, zoyambirira n'kukhala zapita. N'chifukwa chake tsiku lomwe uthenga wachilendo walowa ndi lomwe munthu ayenera kutseka benchi kwa maola awiri n'kupita ku banki.

Kumeneko asangofotokoza pakamwa. Apemphe fomu ya madandaulo a khadi, alembepo tsiku, ndalama ndi dzina la wolandira monga zilili pa sitetimenti, ndipo asachoke opanda nambala ya dandaulo kapena kope lodindidwa. Zithunzi za chilengezo chija, tsamba lomwe adalipirapo, ndi imelo yomwe adalembera wogulitsa kuti asiye kudula, zonsezi ndi umboni. Banki imafunsa ngati munthu adayesa kaye kusiya umembalawo, choncho ndi bwino kulemba imeloyo ngakhale sikayankhidwa.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimagwetsa madandaulo abwinobwino: bodza. Munthu amene adalemba yekha nambala ya khadi asanene kuti khadi idabedwa kapena kuti tsambalo sakulidziwa. Wogulitsa angotulutsa umboni wa OTP yoyamba ija, nkhani n'kuthera pomwepo. Visa ili ndi magulu osiyana a madandaulo: lina ndi la ndalama yotengedwa ndi munthu amene mwini khadi sadachite naye malonda alionse, lina ndi la umembala womwe udasiyidwa koma ukudulabe, lina ndi la malonda omwe adafotokozedwa monama. Wonena zoona amathandiza banki kusankha gulu loyenera. Kubweza kumatenga masabata, ndipo si dandaulo lililonse lomwe limapambana, koma wosadandaula sapeza kalikonse.

Khadi itsekedwe tsiku lomwelo. Potenga yatsopano, mwini wake auze banki momveka kuti wogulitsa ameneyo asaloledwenso, chifukwa pali njira zomwe makampani a makhadi amapatsira ogulitsa nambala yatsopano pa malipiro obwerezabwereza. Ngati ndalama ikudulidwa kudzera pa Google Play kapena App Store, kufufuta pulogalamu pafoni sikuthetsa umembala. Uyenera kusiyidwa pamalo olembedwa Subscriptions. Ndipo wina akaimba foni kuti ndi wa ku banki, akufuna PIN kapena OTP kuti abweze ndalama, ameneyo ndi wakuba wachiwiri.

Banki ikangokhala chete kapena ikakana popanda chifukwa cholembedwa, dandaulo lingapite ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki ndipo imalandira madandaulo a makasitomala, bola munthu aonetse kuti adayamba wadandaula ku banki yake. Kupolisi nako ndi koyenera kupita, poti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limakhudza umbava wa pa intaneti, ngakhale kunena zoona wakuba wokhala kutsidya la nyanja sagwidwa ndi wapolisi wa ku Limbe. Phindu la lipoti la apolisi ndi kulimbitsa fayilo ya ku banki.

Amalonda nawo ali ndi mbali yawo. Khadi yolumikizidwa ku akaunti ya mpamba siyoyenera kulembedwa pa tsamba lililonse, kapena kubwerekedwa kwa mphwake kuti alipire gemu. Akaunti ina yapadera, yoikamo ndalama yokwana chinthu chomwe chikugulidwa tsiku limenelo basi, imachepetsa zotayika.

Koma katundu wamkulu ali pa mabanki, omwe amadula ndalama zawo pa khadi iliyonse komanso pa malipiro alionse akunja. Wopereka khadi ayenera kufotokozera kasitomala za masiku 120 aja tsiku lomwe akumupatsa khadiyo. Fomu ya madandaulo ikhalepo m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, uthenga wa pafoni uzinena ngati ndalama yadulidwa ngati malipiro obwerezabwereza, ndipo kutseka malipiro a pa intaneti kuzitheka pa foni ya mabatani, munthu ali pabenchi pake, osadikira kuti kuche akaime pamzere.