Madokotala ndi maphunziro a pa intaneti: zomwe zachitika ku Perth zikufunsa Malawi funso

Boma la Western Australia litatseka malire ake mu April 2020 pofuna kupewa Covid-19, akatswiri a zachipatala mumzinda wa Perth adatsala paokha. Kulowa ndi kutuluka m'chigawochi kudali kovuta mpaka pa 3 March 2022. Dokotala amene adazolowera kukwera ndege kupita kumisonkhano ya akatswiri anzake ku Sydney kapena ku Melbourne adayamba kuphunzira ali khale pakompyuta, kumvetsera maphunziro a pa intaneti otchedwa webinar.

Mliri udazilala koma chizolowezicho chidatsala, ndipo chifukwa chake n'chosabisika. Chigawochi chimaposa Malawi kukula kwake maulendo oposa 20. Dokotala wa ku Kununurra, mtunda wopitirira makilomita 3,000 pamsewu kuchokera ku Perth, akapita kumsonkhano wa tsiku limodzi amasiya odwala ake kwa masiku angapo. Kwa iye, phunziro lobwera pafoni lidachotsa chopinga chachikulu.

Komabe amene amayang'anira ntchitoyi sakhutira ndi kumvetsera kokha. Kuyambira mu 2023, bungwe la Medical Board of Australia limafuna kuti dokotala aliyense azichita maola 50 pachaka owonjezera luso lake. Mwa maolawa, osachepera 25 ayenera kupita pa kuunika momwe iye mwini akugwirira ntchito ndi momwe odwala ake akupezera. Maphunziro wamba, kuphatikizapo ma webinar, sangakwaniritse okha chiwerengerocho. Lamuloli likuvomereza chinthu chimene aliyense wolowapo pa Zoom amachidziwa: dzina la munthu likhoza kuoneka pamndandanda wa opezekapo mwini wake akuphika kukhitchini.

Kafukufuku sakuikira kumbuyo mbali imodzi. Mu 2018, bungwe la Cochrane lidasanthula kafukufuku wosiyanasiyana ndipo lidapeza kusiyana kochepa, mwinanso kosaoneka n'komwe, pakati pa ogwira ntchito zaumoyo ophunzira pa intaneti ndi ophunzira m'kalasi. Ena amati izi zikutanthauza kuti njira yotsika mtengo ndi yokwanira. Ena amati zikungosonyeza kuti kumvetsera munthu mmodzi akulankhula, kaya m'holo kaya pafoni, sikusintha zambiri pabedi la wodwala.

Umboni wooneka bwino uli pamene akatswiri amakambirana za odwala enieni. Dr Sanjeev Arora wa ku University of New Mexico adayambitsa Project ECHO mu 2003: ogwira ntchito kuzipatala zakumidzi amafotokoza pakanema za odwala amene awazunguza mutu, akatswiri n'kumawaunikira. Zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2011 zidasonyeza kuti odwala matenda a chiwindi a hepatitis C amachira mofanana kumidzi ndi kuchipatala cha yunivesiteyo.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza Malawi. M'zipatala za m'maboma, maopaleshoni ambiri, makamaka a amayi oyembekezera, amachitidwa ndi ma clinical officer, pomwe akatswiri adaunjikana m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central. Pulojekiti ya SURG-Africa idalumikiza ogwira ntchito m'maboma a chigawo chakummwera ndi akatswiri a ku Blantyre kudzera pa WhatsApp, kuti azifunsirana nzeru asanatumize wodwala. Koma pulojekiti yomweyo inkatumizanso akatswiriwo kuzipatalako kukaimirira limodzi ndi anzawo m'chipinda cha opaleshoni. Kusoka bala ndi kuletsa magazi kumaphunziridwa ndi manja, wodziwa ali pambali.

Choopsa n'chakuti mabungwe othandiza, poona kuti ndalama zachepa, angasandutse maphunziro onse kukhala a pa intaneti n'kumati apulumutsa ndalama. Mtengowo sutha, umangosamukira kwa wophunzira. Ku Perth intaneti ndi magetsi si nkhani yodandaulitsa dokotala. Ku Nsanje kapena ku Chitipa, wophunzira amagula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo magetsi akazima phunziro lathera pomwepo. Ngakhale nthawi imasankha omvera: Perth ili patsogolo pa Malawi ndi maola 6, choncho phunziro loyamba 6 koloko madzulo kumeneko limapeza dokotala wa ku Malawi pa 12 koloko masana, mzere wa odwala udakali pakhomo.