Za Umoyo Wathu: Magazi Oundana m'Mapapo

Anthu awiri angathe kufika kuchipatala ndi nthenda imodzi, wina n'kubwezedwa kunyumba ndi mankhwala, pamene mnzake agonekedwa ndi kuyang'aniridwa usana ndi usiku. Abale tikaona zotere timafulumira kunena kuti dokotala ali ndi tsankho. Mwezi uno tifuna kufotokoza chifukwa chake, potengera nthenda imene madokotala amaitcha pulmonary embolism.

Nthendayi imayamba pamene magazi aundana mumtsempha wa m'kati mwa mwendo. Kachidutswa kake kakachoka, kamayenda ndi magazi, kudutsa mumtima, n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo. Wodwala amabanika mwadzidzidzi, amamva kubaya m'chifuwa, ndipo nthawi zina amatsokomola magazi. Imakonda kugwira amene agona nthawi yaitali atachitidwa opareshoni, odwala khansa, amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene. Amphamvu omwe siiwaopa: Serena Williams, katswiri wa tenisi wa ku America, anadwala nthendayi mu 2011, ndiponso mu 2017 atangobereka.

Dokotala akaizindikira, amayamba wayesa kukula kwa ngozi. Amaona kuthamanga kwa magazi. Nambala yapamwamba ikatsika kupitirira 90 n'kukhala pomwepo, ndiye kuti mtima ukulephera kukankha magazi, ndipo moyo uli pachiswe. Wotereyu amafunika msanga mankhwala amphamvu osungunula magazi oundanawo.

Ngati sizinafike pamenepo, pali mafunso 6 otchedwa sPESI, amene anafalitsidwa mu 2010. Kodi wodwala wapitirira zaka 80? Ali ndi khansa? Ali ndi nthenda yokhalitsa ya mtima kapena ya mapapo? Mtima ukugunda ka 110 kapena kuposa pa mphindi imodzi? Nambala yapamwamba ija ili pansi pa 100? Mpweya wa okosijeni m'magazi uli pansi pa 90 peresenti? Amene anakonza mafunsowa anapeza kuti mwa odwala amene mayankho awo onse anali "ayi", mmodzi yekha pa 100 alionse anamwalira m'masiku 30. Koma mwa amene anali ndi "inde" mmodzi kapena angapo, anamwalira pafupifupi 11 pa 100 alionse. Dokotala angathenso kuunika mbali yakumanja ya mtima kuti aone ngati yatopa. Izi ndizo zimamuuza woyenera kugonekedwa ndi wotha kuchirira kwawo.

Nafenso tili ndi gawo lathu. Mwendo umodzi ukatupa ndi kupweteka, kapena mayi wobereka kumene akayamba kubanika, tisadikire kuti kuche. Tikafika, tiuze dokotala zonse mosabisa: opareshoni, ulendo wautali, mapiritsi akulera, matenda akale. Yankho limodzi lobisidwa lingamsokeretse.

Wobwerera kunyumba asadziyese wochira. Mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, amamwedwa miyezi yosachepera 3, ndipo wowalekeza panjira amaiitananso nthendayo. Akulu anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala.