Misewu ya pa Phiri la Zomba Tiisiyire Njinga

Abale, ena mwa ife afuna kuti misewu yafumbi ya pamwamba pa Phiri la Zomba ithiridwe phula. Ine ndikana. Alendo amadzapalasa njinga kuchokera ku damu la Mulunguzi mpaka ku Dzenje la Chingwe chifukwa kumeneko galimoto nzosowa, munthu amangomva mphepo m'mitengo ya paini. Phula likadza, lidza ndi liwiro, ndipo woyamba kugwetsedwera m'ngalande adzakhala mbale wathu wotsika ndi nkhuni panjinga, uja mabuleki ake ndi chidendene. Chimene tipempha nchochepa: gelevulo m'maenje, ngalande zitsegulidwe mvula ya Novembala isanagwe, ndipo ntchitoyo ipatsidwe kwa anyamata a m'midzi mwathu muno, osati kwa kontrakitala wa ku Blantyre.

Mlembi wa Nthambi