Madisiki Akutha, Tisamutse Makanema Athu

Mwezi uno tikambirane za katundu wina amene wagona m'masutukesi ndi pansi pa mabedi m'nyumba zambiri kuno ku Chinzombo, ku Cropping, ku Masumba mpaka ku Chikowa. Tikunena madisiki a kanema, aja timawachula kuti VCD ndi DVD. Zaka zapitazo banja likakhala ndi ukwati, ubatizo wa mwana kapena maliro a munthu wamkulu, linkayesetsa kuitana wojambula, ndipo pakapita masiku iye ankabwera ndi disiki yonyezimira, dzina la mwambowo litalembedwa pamwamba ndi inki. Lero makina oonetsera madisikiwo anafa m'makomo ambiri, m'masitolo akusowa, ndipo ana athu amaonera zonse pa foni ya m'manja. Madisiki atsala ngati nyumba yokhoma imene mfungulo yake inagwera mu Luangwa.

Ambiri a ife timayesa kuti disiki ndi cinthu cosaola, popeza ndi pulasitiki ndipo ciswe sicidya. Koma madisiki ali mitundu iwiri. Ilipo disiki yocokera ku fakitale, imene kanema wake amadindidwa m'pulasitiki momwemo, ndipo imeneyi imapirira ndithu. Ilipo ina yogulidwa yopanda kanthu, yolembedwa kuti DVD-R kapena CD-R, imene wojambula amalembamo yekha ndi kompyuta. M'kati mwa imeneyi muli utoto wopyapyala umene kuwala kwa laser kumautentha timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo timadonthoto ndiye kanemayo. Utotowo umafooka ndi kutentha, dzuwa ndi cinyezi. Tsono taganizani za cigwa cathu cino. Mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo masana m'nyumba ya malata sutukesi imasanduka ng'anjo. Dzinja likafika cinyezi cimalowa paliponse, osanena za madzi osefukira onga aja a mu Febuluwale 2007 amene analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa mtsinje. Pafupifupi madisiki onse a maukwati ndi maliro athu ndi a mtundu waciwiriwu.

Disiki siifa tsiku limodzi. Imayamba ndi kuima-ima, nkhope za anthu zimagawika timabokosi, mawu amaduka. Popeza makina amalemba kuyambira pakati kupita kunja, mapeto a kanema amakhala ca m'mphepete, kumene zala zimagwira ndiponso kumene kuonongeka kumakonda kuyambira. Ndiye kuti pa disiki ya ukwati, kulowa m'chalichi kungaoneke bwino, koma malangizo a makolo ndi ankhoswe, amene amadza kumapeto, n'kukhala atapita kale.

Si disiki iliyonse yoyenera kuilirira. Mafilimu a ku Nigeria ndi aja a nkhonya a ku Hong Kong amene tinkaonera m'timanyumba ta vidiyo alipo ambiri pa dziko lapansi, ndipo adzapezekabe ngakhale nthawi ya madisiki ikupita. Ku America kampani ya Netflix, imene inayamba nchito yake potumiza ma DVD m'makalata, inaleka kutero mu 2023. Koma disiki imene muli malemu atate anu akulankhula Cikunda cakale pa ukwati wa mlongo wanu ilibe inzake kwina kulikonse. Wojambula uja kawiri-kawiri anafafaniza kale zimene zinali pa kompyuta yake kuti apeze malo a nchito zina. Cimodzimodzi madisiki amene ena anajambula pa mwambo wa Malaila kwa mfumu yaikulu Nsefu, momwe muli magule, nyimbo ndi nkhope za akulu-akulu amene ena mwa iwo anatisiya. Awa ndiwo madisiki oyamba kuwatulutsa m'sutukesi, ndipo tikumbuke kuti zengerezu analinda kwaukwau.

Nchito yake si yovuta monga mmene imamvekera. Foni ilibe polowetsa disiki, motero pamafunika kompyuta yokhala ndi kotsekula koikamo disiki. Malaputopu atsopano ambiri alibe malo amenewa, koma kalipo kamakina kapadera kolumikiza ndi cingwe ca USB. Musanapereke disiki, ipukuteni ndi nsalu yofewa kuyambira pa kabowo ka pakati kupita kunja, osati mozungulira, cifukwa mkwasa wotsata mzere wa kanema ndi umene umasokoneza makina kwambiri. Pa CD ndi VCD, mbali yoopsa kukala ndi ya pamwamba pomwe pali zolemba, pakuti kanema ali pansi penipeni pa utoto wa pamenepo. Conco tileke kulembapo ndi bolopeni.

Disiki ikatsekulidwa pa kompyuta, DVD imaonetsa foda yochedwa VIDEO_TS, momwe muli mafayilo a VOB, ndipo VCD imaonetsa foda ya MPEGAV yokhala ndi mafayilo a DAT. Ena amangokopera zimenezi pa foni, n'kudabwa kuti foni ikukana kapena ikuonetsa kanema woduka-duka. Cofunika ndi kusandutsa mafayilowo kuti akhale MP4, mtundu umene mafoni a masiku ano amauwerenga. Mapulogalamu a HandBrake ndi VLC amacita zimenezi, ndipo onse awiri ndi aulere. Munthu angakulipiritseni nthawi yake ndi magetsi ake, koma asakuuzeni kuti pulogalamuyo ndi yodula. DVD imodzi imasunga 4.7 GB, ndipo kanema wa maola 2 akasandutsidwa bwino amatsika kufika pa 1 GB kapena kupitirirapo pang'ono, maso osaona kusiyana kwenikweni. VCD imasunga pafupifupi 700 MB cabe, ndipo cithunzi cake cinali cosaoneka bwino ciyambire, popeza luso lake ndi la mu 1993. Palibe pulogalamu imene ingabweze zimene kamera sinagwire.

Ambiri a ife tilibe kompyuta, conco tidzapita kwa anyamata aja oika nyimbo ndi mafilimu pa memori khadi m'misika ya ku Mfuwe, kapena tidzadikira ulendo wa ku Chipata. Anyamatawa amaidziwa nchito yawo, koma anazolowera makasitomala ofuna mafilimu ambiri pa kakhadi kamodzi, ndipo kuti atero amafinya kanema kwambiri, nthawi zina mpaka kumusandutsa 3GP, mtundu wa mafoni akale a mabatani. Filimu ya nkhonya ikhoza kufinyidwa motero popanda wodandaula, koma nkhope ya agogo anu ikafinyidwa imasanduka cithunzithunzi cosazindikirika. Nenani poyera kuti mukufuna MP4 yooneka bwino ngakhale idye malo. Musacoke musanaone ciyambi, pakati ndi mapeto, ndi kumva ngati mawu akuyenda pamodzi ndi milomo. Safunsa anadya phula.

Pali zina ziwiri zoti mupemphe muli pomwepo. Mnyamatayo afafanize kanema wanu pa kompyuta yake inu mukuona, cifukwa za maliro kapena za cinamwali ca mwana wanu si zoti ziziyenda m'mafoni a anthu osawadziwa, ndipo zikangotuluka sizibwezeka. Ndiponso asakuikireni mafilimu ena a basela. Kakhadi kameneka kadzagwiridwa ndi ana pakhomo, ndipo basela wina wa m'misika si woyenera maso awo. Inu makolo, yambani mwatsekula nokha zonse zimene zili pa khadi musanalipereke.

Kanema akalowa m'foni, tisaganize kuti wafika m'nkhokwe. Foni imabedwa, imagwera m'madzi pa dooko, imagulitsidwa njala ikavuta, ndipo mwana angafafanize ukwati wonse kuti apeze malo a masewera. Makhadi enanso ochipa ndi acinyengo: amalembedwa kukula kumene alibe, ndipo akadzaza amaononga zimene munaika mwakacetecete. Pa cifukwa ici kanema yense wa mtengo wapatali akhale malo awiri kapena atatu, pa foni, pa fulashi yosungidwa m'nyumba, ndi kwa m'bale wokhala kutali ndi cigwa, kaya ku Chipata kaya ku Lusaka. Potumiza pa WhatsApp, sankhani kutumiza ngati Document, pakuti mukatumiza mwa masiku onse kanemayo amafinyidwanso. Disiki yeniyeniyo musaitaye kapena kuipacika m'munda kuopseza mbalame. Ibwezereni m'cikuto cake, iime coimirira pa malo ozizira ndi amdima.

Tsopano mawu ocepa pa madisiki ogula. Disiki ya ukwati wanu ndi yanu, koma ya woimba kapena ya kwaya ili ndi eni ake, ndipo lamulo la dziko lino la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limawateteza. Mu 2013 boma linayamba kumata kacizindikiro konyezimira ka hologram pa madisiki ogulitsa pofuna kulimbana ndi okopera mwakuba, koma kanema akalowa m'foni alibenso pomata cizindikiro, ndipo amadumpha kucoka foni ina kupita ina pa Bluetooth m'kanthawi kocepa. Tonse tikudziwa mmene makwaya athu amavutikira, kusonkha ndalama ndi kugwira maganyu m'minda kuti akajambulitse nyimbo. Munthu mmodzi akagula disiki imodzi n'kugawira mudzi wonse, kwayayo siibweza ngakhale ndalama ya galimoto. Ife tiona kuti ndi bwino akomiti a kwaya asandutse okha madisiki awo akale, asunge kope labwino ku parishi, ndipo iwo eni agamule ngati nyimbo zakalezo zigawidwe mwaulere kapena zigulitsidwe.

Nchito yotsiriza kompyuta siingaigwire. Fayilo yolembedwa kuti VTS_01_1 siiuza mdzukulu kanthu. Isintheni dzina, mulembe mwambo, mudzi ndi caka. Kenaka, usiku wina mutadya nsima, ikani foni pa mpando, muitane ambuya kapena amalume amene analipo tsikulo, ndipo mwana wa sukulu akhale pafupi ndi kabuku. Muziimitsa kanema pa nkhope iliyonse, iwo azichula dzina, mudzi ndi ubale wake, mwanayo azilemba pamodzi ndi mphindi imene munthuyo akuonekera. Kabukuko ndi fulashi ija muziike m'cikwama cimodzi ndi makhadi a ubatizo, pamwamba pomwe madzi safika.