Mpando wa Phungu Eni Ake Ndi Anthu

Aliyense amene adayendapo m'midzi ya ku Nachisaka, kumapiri a kumalire a Dowa ndi Ntchisi, akudziwa kuti anthu akumeneko sakonda kulankhula zambiri pamaso pa mlendo. Nduna ikafika amailandira mwaulemu, abambo naomba m'manja, amayi nalulutira, koma za kumtima kwawo amakaziulula pa tsiku loponya voti. Pa chifukwa chimenechi tikuona kuti nkofunika kuti atsogoleri a chipani pamodzi ndi onse ogwira ntchito m'boma adziwe bwino mbiri ya masankho a aphungu m'boma la Dowa.

Pa 15 Ogasiti 1961 ndi pamene anthu akuda a dziko lino adaponya voti kwa nthawi yoyamba m'chisankho cha dziko lonse. Malamulo a atsamunda sankalola munthu aliyense kuvota, kotero kuti olembetsa adangopitirira pang'ono 100,000. Chipani cha Malawi Congress Party, motsogozedwa ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, chidatenga mipando yonse 20 ya m'kaundula wa anthu wamba. Koma mlimi wa ku Nachisaka adadikira nthawi yaitali kuti asankhe phungu wake ndi dzanja lake, pakuti m'masankho a 1964, 1971 ndi 1976 aphungu onse adalowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba popanda wopikisana nawo. Kuyambira mu 1966 dziko lidali la chipani chimodzi, ndipo dzina la phungu linkachokera ku msonkhano wa chipani wa m'boma nkukavomerezedwa ndi Pulezidenti.

M'chaka cha 1978 mpamene anthu adaloledwa kusankha pakati pa anthu awiri kapena atatu a chipani chomwecho, amene ankayeneranso kuonetsa kuti amadziwa Chingerezi. Zotsatira zake zidadabwitsa akuluakulu, chifukwa aphungu ambiri amene ankadziyesa okondedwa adagwa. Ngakhale pansi pa chipani chimodzi, munthu wa kumudzi atangopatsidwa mpata adaonetsa kuti amasiyanitsa phungu womuyendera ndi phungu wongomudutsa pa galimoto.

Pa 14 Juni 1993 dziko lidafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali, kutanthauza chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Amalawi ambiri adasankha nyali, koma Dowa ndi Ntchisi adaima ndi tambala. Pa 17 Meyi 1994, pamene a Bakili Muluzi adapambana upulezidenti ndipo chipani cha UDF chidapeza mipando 85 mwa mipando 177, Congress 56 ndi AFORD 36, Dowa idakhalabe kumbuyo kwa Congress. Kuchokera pamenepo kudabadwa maganizo akuti boma limeneli ndi munda wa chipani chimodzi, moti ngakhale osalima chidzakololabe, ndipo zipani zina zisadzivutitse nkubzalamo.

Chaka cha 2009 chidatsutsa maganizo amenewa. Kuyambira mu 2005 boma la Dr. Bingu wa Mutharika lidayamba kugawa makuponi ogulira feteleza wotsika mtengo, mvula idagwa bwino, ndipo nkhokwe zidadzaza. Pa 19 Meyi 2009 chipani cha DPP chidapambana mipando yoposa 110 mwa mipando 193, pamene Congress, motsogozedwa ndi a John Tembo, idalephera kufikitsa mipando 30. M'dera la kumpoto chakummawa kwa Dowa anthu adasankha a Leckford Thotho a DPP, amene adakhala nduna yofalitsa nkhani, ndipo m'dera lapakati adasankha Dr. Jean Kalilani a chipani chomwecho. Alimi amene ankanenedwa kuti sangasinthe adasintha ataona chimanga m'nkhokwe.

Koma amene adaganiza kuti tsopano mundawo wasanduka wawo nawonso adalakwitsa. Patapita zaka ziwiri mafuta a galimoto adasowa, ndalama zakunja zidasowa, ndipo mitengo ya fodya, amene alimi a ku Dowa amadalira, sidakondweretse. Mu 2013 Congress idasankha Dr. Lazarus Chakwera kukhala mtsogoleri wake, ndipo pa 20 Meyi 2014 dera la kumpoto chakummawa lidabwerera ku Congress kudzera mwa a Sam Kawale, amene adapambananso mu 2019 nkukhala nduna ya zaulimi mu 2022. Komabe mu 2014 momwemo Dr. Kalilani adasunga mpando wawo m'dera lapakati, ndipo adautaya mu 2019. Madera awiri a m'boma limodzi, a anthu a chilankhulo chimodzi ndi gule mmodzi, adayankha mosiyana pa tsiku limodzi. Ichi chikutiuza kuti wovota amayang'ana chipani, koma amayang'ananso munthu ndi ntchito zake.

Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidathetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo pa 23 Juni 2020 Dr. Chakwera adapambana. Pa 16 Sepitembala 2025, mipando ya aphungu itafika pa 229, Pulofesa Peter Mutharika adapambana ndi mavoti oposa 56 pa 100 alionse, ngakhale kuti anthu ambiri a ku Dowa adavotera Dr. Chakwera. Boma lasintha manja kawiri m'zaka zisanu zokha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa atsogoleri a chipani, kuyambira a m'nthambi kufikira a kulikulu, tikunena izi: palibe dera loyenera kulitaya ngati lotayika, ndiponso palibe dera loyenera kuligonera tulo ngati lathu kale. Pa nthawi ya chisankho cha chipulula lolani anthu asankhe munthu amene akumufuna. Kuwakakamiza dzina lochokera ku Lilongwe nkubwerera ku zaka zija za aphungu olowa popanda wopikisana nawo, ndipo anthu a masiku ano ali ndi poyankhira. Kumbukirani kuti gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lino, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, lidachotsedwa mu 1995. Chatsala m'manja mwawo ndi voti ya pa zaka zisanu zilizonse, ndipo amaisunga monga asungira mbewu ya chaka chamawa.

Kwa ogwira ntchito m'boma mawu athu ndi olemera koposa. Mlangizi wa zaulimi wa ku Nachisaka, mphunzitsi, namwino ndi kalaliki wa ku ofesi ya bwanamkubwa salandira malipiro kuchokera ku thumba la chipani, koma ku misonkho ya anthu onse. Feteleza, mankhwala, mabuku ndi mlatho wopita ku msika zisagawidwe poyang'ana momwe mudzi udavotera. Ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu zigwire ntchito yooneka ndi maso, ndipo mabuku ake akhale otsekula kwa mafumu ndi makomiti a chitukuko. Wogwira ntchito amene amana mudzi thandizo chifukwa cha voti akuphwanya lamulo, ndiponso akuipitsa dzina la boma limene akuganiza kuti akulitumikira.

Tiyeni tsono tipite kwa anthu amenewa nthawi ya dzinja, misewu ili matope, osadikira chilimwe cha misonkhano yokopa anthu. Tikhale nawo pabwalo, timve za mitengo ya fodya, soya ndi mtedza, ndipo tilonjeze zokhazo zimene tingathe kuchita. Anthu a ku Nachisaka akhala akuwerenga ntchito za aphungu awo kuyambira mu 1978, ndipo adzawerenganso pa chisankho chikudzachi.