Katswiri Apatsidwe Mpata, Naye Adzipereke

Chaka ndi chaka Boma limapatula ndalama za msonkho kuti akatswiri a pa malo ofufuzira za ulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe agwire ntchito yawo. Ndalama zimenezi ndi thukuta la anthu wamba, choncho nkoyenera kufunsa chimene chimachititsa kuti kafukufuku abale zipatso.

Mbiri ya chimanga m'dziko muno ikutiyankha. Kwa zaka zambiri alimi a m'midzi sankafuna kubzala chimanga cha haibulidi pofuna chakudya cha pakhomo, ngakhale chinali chobereka kwambiri. Amayi ankadandaula kuti nchofeŵa, chimaphwanyika mumtondo pokonola kotero kuti ufa wambiri umapita ndi gaga, ndiponso chimafumbwa msanga m'nkhokwe. Akatswiri a mbewu ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, anamvetsera dandaulo limeneli naligwirira ntchito. M'chaka cha 1990 anatulutsa mbewu za MH17 ndi MH18, zobereka ngati haibulidi koma zolimba pafupifupi ngati chimanga chamakolo, ndipo alimi ambiri anazilandira.

Apa tikuphunzirapo zinthu ziŵiri. Choyamba ndi ufulu wa katswiri pa ntchito yake. Boma lili ndi udindo wonena chimene mtundu ukufuna, monga chakudya chokwanira, koma njira yofikira kumeneko isiyidwe m'manja mwa amene anaiphunzira. Mbewu yatsopano siipezeka m'dzinja limodzi. Katswiri amene amasinthidwa ntchito kaŵirikaŵiri, kapena amene ndalama zoyesera mbewu zimamupeza mvula itagwa kale, sangatulutse kanthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachiŵiri ndi kudzipereka. Ufulu ukapatsidwa kwa munthu wopanda khama umasanduka ulesi. Katswiri amene amathera masiku ake ku misonkhano ya m'mahotela pofuna tindalama tapadera, munda woyeserera uli m'tchire, akubera mlimi amene amamulipira.

Nchifukwa chake tikupempha akuluakulu oyang'anira kafukufuku kuti apereke ndalama pa nthaŵi yake, aleke kuloŵerera pa chilichonse, ndipo ayese katswiri ndi zimene zafika m'munda mwa mlimi. Akatswiri nawonso akumbukire kuti mayi amene ali pamtondo akudikira yankho lawo.